Boma la ku Kilwa Kivinje lisagwe ife tikungoyang'ana

Pagombe la Kilwa Kivinje, m'chigawo cha Lindi kumwera kwa Tanzania, pali chinyumba chosanja, chotchedwa boma, chimene Majeremani ankalamulirapo dera lonselo zaka zoposa 100 zapitazo. Chinyumbacho chikutha. Pulasitala anayoyoka kalekale, mvula imalowa mmene yafunira, ndipo mphepo yamchere yochokera kunyanja ikudya makoma usana ndi usiku. Kuseri kwake kuli nyumba za amalonda akale, Aswahili, Aluya ndi Amwenye. Zina zidakali ndi zitseko zosema ngati za ku Zanzibar, koma zambiri zasanduka mabwinja omera mitengo m'kati. Kutsogolo kwake asodzi amatsitsa nsomba tsiku ndi tsiku, zombo zamatanga n'kumanyamuka kupita kuzilumba za Mafia ndi Songo Songo, anthu ali kalikiliki kusaka chakudya cha lero.

Ine ndikuti chinyumba chimenechi chisagwe, ndipo ife Amalawi tili ndi pakamwa pa nkhaniyi kuposa mmene timaganizira. Ndikudziwa kuti wina afunsa kuti za nyumba ya Mjeremani, m'dziko la eni, zikutikhudza pati pamene kwathu kuno zipatala zilibe mankhwala. Funsolo ndi lomveka ndipo ndiliyankha. Koma choyamba tione kuti anthu ankafika pagombe limeneli anali ndani.

Mwana aliyense amene anadutsa m'sukulu zathu anamvapo za Jumbe wa ku Nkhotakota. Salim bin Abdallah anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840, n'kumanga zombo zowolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita kutsidya la kum'mawa kwa nyanja. Aphunzitsi amatiuza kuti akapolowo ankapita nawo ku Kilwa, phunziro n'kuthera pomwepo, ngati kuti Kilwa linali dzenje limene anthu ankangogweramo osaonekanso. Kilwa ameneyo ndi Kivinje. Munthu wogwidwa ku Kasungu, ku Ntchisi kapena ku Dowa ankawolotsedwa nyanja, n'kuyenda pansi kudutsa m'dziko la Ayao, kwa Mataka ku Mwembe, kuwoloka Ruvuma, miyezi itatu kapena inayi ali m'goli kapena pa unyolo, mpaka kuona madzi amchere koyamba pamoyo wake pagombe lomweli. Njira ina inkachokera kumwera kwa nyanja, kwa Mponda ndi kwa Makanjira, n'kukakumana ndi inzake kutsogolo. Wofooka ankatsala panjira. David Livingstone atayenda chotsatira mtsinje wa Ruvuma mu 1866 analemba za mitembo ya anthu omangiriridwa kumitengo amene anawapeza m'njira yomweyi.

Tauni ya Kivinje inakula ndi malonda amenewa. Kilwa wakale, wotchuka uja, ali pachilumba cha Kisiwani, ndipo chuma chake chinkachokera ku golide wa ku Zimbabwe wodzera ku Sofala. Pofika zaka za m'ma 1800 chilumbacho chinali chitazilala, malonda atasamukira kumtunda kumene maulendo apansi ankathera. Seyyid Said, sultani wa ku Oman, atasamutsira likulu lake ku Zanzibar, minda ya makilovu ya ku Zanzibar ndi Pemba inkafuna manja ambiri, ndipo manjawo ankachokera kwathu. Christopher Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, anayerekeza kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja yathu ankadutsa panyumba ya msonkho ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Chiwerengero chimenecho ndi cha okhawo amene anafika amoyo. Gombe la Kivinje ndi losaya, lamatope, lozunguliridwa ndi mitengo yomera m'madzi amchere imene Aswahili amati mikoko. Sitima zikuluzikulu za Angerezi zosaka ogulitsa akapolo sizinkatha kuyandikira, pamene chombo chamatanga chinkalowa n'kutuluka mosavuta. Sultan Barghash wa ku Zanzibar atasaina pangano la mu 1873 loletsa kutumiza akapolo panyanja ndi kutseka msika wa ku Zanzibar, amalondawo anangosintha njira, n'kumayendetsa anthu pansi kuchoka ku Kilwa kulowera kumpoto chotsatira gombe.

Anthu athuwo sanazimiririke onse. Mu 1876 Bishopu Edward Steere ananyamuka ku Zanzibar ndi akapolo omasulidwa oposa 50, cholinga chili chowabwezera kwawo kunyanja. Ulendowo unathera ku Masasi, kumene anamanga mudzi, ndipo mishoni ya kumeneko ndi imodzi mwa mizu ya mpingo wa Anglican umene unadzakhazikika pa Likoma. Dikishonale yoyamba ya chilankhulo chathu, imene Johannes Rebmann analemba pafupi ndi Mombasa n'kusindikizidwa mu 1877, inachokera pakamwa pa Salimini, kapolo wogwidwa m'chigawo chapakati cha dziko lino. Kuchigwa cha mtsinje wa Juba ku Somalia kuli mabanja amene mpaka lero amadziwa kuti makolo awo anali Anyasa ndi Ayao. Tikamayang'ana nyumba zakale za ku Kivinje tiziwerenga kuti mbali yaikulu ya chuma chimene chinazimanga inali mtengo wa agogo athu.

Tsono Majeremani akubwera pamenepa. Mu Ogasiti 1888 kampani yawo inalanda ulamuliro wa matauni a m'gombe, itachita pangano ndi sultani wa ku Zanzibar popanda kufunsa eni malo. Mwezi wotsatira gombe lonse linawukira. Ku Kilwa ogwira ntchito awiri a kampaniyo anafa, ndipo Majeremani anadzawamangira chipilala m'tauni momwemo. Mu Meyi 1890 Hermann von Wissmann anafika ndi asilikali ndi sitima zankhondo n'kulanda Kilwa. Dzina limeneli sitiyenera kulimva ngati lachilendo. Sitima ya Majeremani imene inkayenda panyanja yathu inkatchedwa Hermann von Wissmann, ndipo mfuti yaikulu ya sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen, imene inaiwombera ku Liuli mu Ogasiti 1914, ili pa Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Amene amakonda kuyeretsa atsamunda amati boma ngati la ku Kivinje linabwera kudzathetsa ukapolo. Zoona zake n'zosakaniza. Maulendo akuluakulu a akapolo anatha m'zaka za m'ma 1890, ndipo mphamvu ya mfuti za Azungu mbali zonse ziwiri za nyanja inathandiza kuwathetsa. Izi sindikana. Koma Majeremani ukapolo weniweniwo sanauthetse. Analamula kuti ana obadwa chitatha chaka cha 1905 akhale mfulu, makolo awo n'kuwasiya m'manja mwa ambuye awo, ndipo ukapolo ku Tanganyika unadzathetsedwa mwalamulo mu 1922, Majeremani atachoka kale. Tiganize za mayi wa ku Ntchisi amene anafika ku Kivinje ali mtsikana mu 1885. Boma linamangidwa iye akuona, mbendera inakwera iye akuona, ndipo anakalamba adakali kapolo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chaka cha 1895. Mu Novembala chaka chimenecho Majeremani ananyonga Hassan bin Omari Makunganya ku Kilwa Kivinje, pamtengo wa mango umene anthu anadzautcha Mwembe Kinyonga. Makunganya anali mtsogoleri wa Chiyao wa kumtunda kwa Kilwa, amene anaukira tauniyo chaka chapitacho. Mu Disembala, patangopita milungu yochepa, asilikali a Harry Johnston ananyonga Mlozi ku Karonga. Anthu awiriwa ankadya malonda amodzi. Koma ku Tanzania Makunganya amakumbukiridwa ngati munthu amene anakana kugonjera atsamunda, pamene kwathu Mlozi timamukumbukira ngati chilombo chimene chinasautsa Ankhonde. Zonse ziwirizi zili ndi choonadi chake, ndipo mwana wa ku Karonga ndi mwana wa ku Kilwa aliyense akuphunzitsidwa theka la nkhani. Munthu ataima pabwalo la boma lija, kumanja kuli nyumba za ogulitsa anthu, kumanzere kuli malo amene atsamunda ankanyongera anthu, sangathe kuthawira ku theka limene likumukomera. N'chifukwa chake ndimati malowa ndi ofunika kuposa buku la sukulu, poti buku limalembedwa ndi dziko limodzi.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti nkhani ya ukapolo isakhale ndodo yokwapulira Ayao kapena Asilamu a lero, monga ena amachitira akapsa mtima pa zandale. Mafumu a Achewa anagulitsako anthu awo, ena chifukwa cha milandu, ena chifukwa cha nsalu ndi mfuti. Angoni ankagwira anthu pankhondo n'kuwasinthanitsa. Ayao eniake ambiri anagulitsidwa. Ndalama zoyendetsera maulendowo zinkachokera kwa amalonda a Chimwenye a ku Zanzibar, ndipo kale mu 1776 Mfalansa wina dzina lake Morice anachita pangano ndi sultani wa ku Kilwa loti azigula akapolo 1,000 chaka chilichonse kuti akalime kuzilumba za Afalansa. Palibe mtundu umene ungasambe m'manja, ndipo malo osungidwa bwino ndi amene angaonetse zimenezi popanda kuloza chala mtundu umodzi.

Pasanathe zaka khumi chinyongedwere Makunganya, boma lomwelo linali pakati pa moto wina. Majeremani anaika msonkho wa nyumba, kenako anakakamiza midzi kulima thonje m'minda ya boma pamalipiro osaoneka, zofanana ndi thangata amene makolo athu ankamudziwa ku Chiradzulu ndi Thyolo. Mu Julaye 1905 anthu a kumapiri a Matumbi, kumtunda kwa Kilwa, anazula thonje m'munda wa ku Nandete, ndipo nkhondo ya Maji Maji inayamba. Kinjikitile Ngwale, amene ankapereka madzi oti asandutse zipolopolo kukhala madzi, ananyongedwa mu Ogasiti chaka chomwecho. Majeremani anaotcha midzi, minda ndi nkhokwe dala kuti njala imalize ntchito imene mfuti zinayamba. Iwo eni anavomera kuti anafa anthu 75,000, pamene akatswiri a mbiri amati anafika 250,000 kapena 300,000. Pa 27 Febuluwale 1906 mafumu ndi nduna za Angoni ananyongedwa ku Songea. Angoni a kwa Gomani ku Ntcheu anakhalako ku Songea asanabwerere kuno, choncho onyongedwawo kwa ife si anthu akutali. Gomani Chikuse mwiniwake anali ataphedwa ndi Angerezi mu 1896.

Kenako anthu a kwathu anabwereranso ku Kilwa kachiwiri, ulendo uno atavala yunifolomu. Angerezi analanda Kivinje mu Seputembala 1916, n'kusandutsa Kilwa doko lotsitsirapo asilikali ndi katundu. Asilikali a King's African Rifles olembedwa ku Nyasaland anamenya nkhondo yoopsa ku Kibata, m'mapiri a Matumbi omwe aja, kumapeto kwa chaka chimenecho. Imeneyi ndi nkhondo ya chiwaya imene agogo athu ankasimba. Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 kunkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala osati chipolopolo. Nsanja ya chikumbutso ya ku Zomba imasunga mbali imodzi ya nkhani imeneyi. Mbali inayo ili kumapiri ndi kugombe la Kilwa. Mdzukulu wa munthu amene anadutsa pa Kivinje ali m'goli anatha kudzatsika pagombe lomwelo atanyamula mfuti ya Mngerezi kudzamenyana ndi msilikali wakuda wa Mjeremani.

Tsopano kwa amene akuti chinyumbacho chigwe basi, chifukwa ndi chizindikiro cha nkhanza. Mkwiyo wawo ndimaumva, ndipo sindingauze munthu wa ku Matumbi amene agogo ake anafa ndi njala ya 1906 kuti azikonda makoma amenewo. Koma tisiyanitse chipilala ndi nyumba. Chipilala cha munthu chimaimikidwa kuti chimulemekeze, ndipo mtundu uli ndi ufulu wochichotsa ukaona kuti munthuyo sayenera ulemu. Boma la ku Kivinje ndi malo amene zinthu zinachitikira. Msonkho unkaperekedwa pamenepo, milandu inkaweruzidwa pamenepo, chikoti chinkalira pamenepo. Likagwa, amene apepukidwe ndi iwo amene akufuna kuti nkhanzazo ziiwalike. Komanso miyala ija sanaisenze ndi Majeremani. Anaiswa, kuisenza, kuotcha laimu ndi kumanga ndi anthu akuda, mwina ena mwa iwo akapolo kapena ana a akapolo ochokera kwathu. Pulani inali ya Mzungu, thukuta linali lathu.

Palinso china chimene ife Amalawi tiyenera kuchiganizira tisanati za atsamunda n'zosatikhudza. Pamkangano wathu ndi Tanzania wa malire a panyanja, mboni yathu yaikulu ndi pangano la pakati pa Britain ndi Germany la pa 1 Julaye 1890, limene linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa. Panganolo linasainidwa patangopita miyezi iwiri Wissmann atalanda Kilwa. Ngati pepala la nthawi imeneyo timalisunga mosamala n'kumalitulutsa pamisonkhano, tisamachite manyazi kusunga makoma a nthawi yomweyo.

Za ndalama, mlandu wake ndi wolemera, koma anthu amaukuza chifukwa amaganiza kuti kusunga bwinja ndiko kulimanganso kuti liwale ngati latsopano. Nyumba za m'gombe zimenezi zinamangidwa ndi miyala ya m'nyanja yolumikizidwa ndi laimu, denga lake n'kukhala pamitanda ya mikoko. Zimagwa m'njira yodziwika. Denga likayamba kudontha mitanda imawola, pansi pa chipinda chapamwamba pamatitimira, ndipo makoma amatsala opanda chowagwirizanitsa. Mbalame zimagwetsa njere za kachere m'ming'alu, mizu n'kumakula mpaka kung'amba khoma pakati. Wina wofuna kuthandiza akamata simenti amawonjezera vuto, chifukwa simenti imatsekera chinyezi ndi mchere m'kati, mwala n'kumafumbutuka mosaoneka. Ndipo khoma likangogwa, miyala yake imapita kukamanga maziko a nyumba ina, zimene sindingadzudzule munthu wosauka amene waipeza ili mbwee pafupi ndi pakhomo pake. Ntchito yoyamba ndiye ndi yotsika mtengo: kuchotsa mitengo yomera m'makoma mosamala, kutseka pamwamba pa makoma kuti madzi asalowe, kuchirikiza pamene papendekeka, kumata ndi laimu. Ndi ntchito ya amisiri a m'deralo ataphunzitsidwa, ndipo malipiro ake amatsala m'tauni momwemo.

Umboni woti zimatheka uli pafupi. Mabwinja a Kilwa Kisiwani ndi Songo Mnara analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse lapansi mu 1981. Mu 2004 anaikidwa pamndandanda wa malo amene ali pangozi, chifukwa nyanja inkakokolola gombe ndipo makoma ankagwa. Boma la Tanzania, mothandizidwa ndi mabungwe monga World Monuments Fund, linakonza linga la Gereza, limene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1505 Aluya a ku Oman n'kudzalimanganso, linateteza gombe ndi kuphunzitsa amisiri a pachilumbapo. Mu 2014 malowo anachotsedwa pamndandanda wa ngozi. Luso lilipo, amisiri alipo, ndipo ali pamtunda wa makilomita osakwana 40 kuchokera ku Kivinje.

Vuto n'lakuti Kivinje ali kunja kwa malire a UNESCO aja. Mlendo amafika ku Kilwa Masoko, kumene Angerezi anasamutsira likulu la boma la Kilwa mu 1956 chifukwa kuli doko lakuya, amakwera boti kupita kuchilumba, amaona mzikiti waukulu ndi nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa, amamva kuti Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, anafikako mu 1331 n'kuyamikira kukongola kwa mzindawo, kenako amabwerera. Nkhani ya golide ndi masultani ndi yokoma kuisimba, ndipo ndi yoyenera kuinyadira, chifukwa imatsutsa bodza lakuti Africa analibe mizinda Azungu asanabwere. Nkhani ya Kivinje ndi yowawa, ilibe ngwazi yoyera, ndiye imasiyidwa. Ngakhale pamndandanda wa malo amene Tanzania ikufuna kuti adzalowe m'kaundula, njira ya akapolo imene inalembedwa mu 2006 ndi yapakati, yochokera ku Ujiji kudzera ku Tabora mpaka ku Bagamoyo. Malawi nayo mu 2011 inalembetsa njira zake za akapolo pamodzi ndi mmene anayenda Livingstone, kutchula Nkhotakota, Karonga, Mangochi ndi Phalombe. Zathuzo zimathera pamadzi a nyanja. Njira ya kumwera, imene inameza anthu athu, ilibe mwini: mutu wake uli ku Malawi, thunthu ku Niassa m'dziko la Mozambique, mchira ku Tanzania, ndipo dziko lililonse likuyang'ana kachidutswa kake.

Apa ndi pamene boma lathu lingachitepo kanthu popanda kutulutsa mabiliyoni. Malo amodzi okhudza mayiko angapo amaloledwa m'kaundula wa UNESCO. Misewu yakale ya Ainka, yotchedwa Qhapaq Ñan, inalowa mu 2014 mayiko asanu ndi limodzi a ku South America atapempha limodzi. Nthambi yathu yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala ingathe kulembera anzawo a ku Tanzania ndi Mozambique kuti njira ya Nkhotakota, Mwembe ndi Kilwa ikhale pempho limodzi. Mayunivesite athu angatumize ophunzira mbiri kukajambula mawu a nkhalamba za m'midzi ya m'njirayo zisanathe. Ndipo pakati pa ife ndi Tanzania, pamene nkhani ya nyanja yakhala ikutizizira kwa zaka zambiri, ntchito yochitira limodzi yopanda mkangano wa malire ingatithandize kuyankhulana bwino.

Germany nayo ili ndi ngongole pano. Pa 1 Novembala 2023 pulezidenti wa dzikolo, Frank-Walter Steinmeier, anapita ku Songea n'kupempha chikhululukiro pa zimene Majeremani anachita. Anachita bwino, koma kupepesa kwa pakamwa kumafuna chotsatira. Mafupa a zinyama zakalekale amene anakumbidwa ku Tendaguru, m'chigawo chomwecho cha Lindi, pakati pa 1909 ndi 1913, n'kunyamulidwa pamutu ndi amtengatenga mpaka kugombe, akusungidwa mwaulemu ku Berlin, anthu n'kumalipira kuti awaone. Dziko limene lingasamale chonchi mafupa a nyama silingalephere kulipira denga la nyumba imene linkaweruziramo anthu. Lipereke ndalama, koma lisalembe nkhani. Zolembedwa pamakoma zikhale za anthu a ku Kilwa. Tanzania nayonso isadzionetse yosauka kuposa mmene ilili: gasi wa ku Songo Songo, chilumba cha m'boma la Kilwa lomweli, wakhala akuyatsa magetsi ku Dar es Salaam kuyambira 2004.

Funso lovuta kwambiri kwa ine ndi lakuti nyumbayo ikakonzedwa izigwira ntchito yanji, poti nyumba yopanda anthu imafa ngakhale itamatidwa bwino chotani. Msika wofoleredwa wa nthawi ya Majeremani ku Kivinje wakhalitsa chifukwa anthu sanasiye kuugwiritsa ntchito. Ku Mikindani, kumwera kufupi ndi Mtwara, boma la Majeremani la mu 1895 linakonzedwa ndi bungwe la ku Britain lotchedwa Trade Aid n'kukhala hotela imene imaphunzitsa achinyamata a m'deralo ntchito. Nyumbayo inapulumuka ndipo anthu anapeza ntchito, choncho sindingaipeputse. Komabe mtima wanga sukhazikika ndikaganiza kuti malo amene makolo ankalowa akunjenjemera asanduke malo amene adzukulu awo amalowa pokhapokha atavala yunifolomu ya woperekera zakudya. Ku Kivinje ndingakonde zipinda zapansi zikhale za anthu a m'tauniyo, kaya ofesi ya gulu la asodzi, kaya laibulale ya ana asukulu, kaya malo a misonkhano, ndipo zapamwamba zisimbe mbiri. Mwana wa msodzi azilowa ulere. Wochokera kunja azilipira, ndipo ndalamazo zizioneka kumene zapita. Anthu akaona kuti nyumbayo ndi yawo, sipafunikanso mlonda woletsa kutola miyala.

Nanga kwathu? Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Mtanzania angatifunse kuti zathu tasamala bwanji. Fort Lister, imene Angerezi anamanga mu 1893 pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi kuti atseke njira ya akapolo, ndi bwinja la m'tchire limene Amalawi ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo. Makoma a Fort Mangochi ali paphiri, ofikako ndi owerengeka. Ku Nkhotakota alendo amaonetsedwa mtengo umene Livingstone anakhala pansi pake, pamene zotsalira za mzikiti wa Jumbe ndi manda a a Jumbe sizilandira chisamaliro chofanana. Tili ndi chizolowezi chosimba mbiri ya ukapolo kudzera mwa Mzungu amene anadzauona, m'malo mwa anthu amene anaulawa. Ngati tikufuna kukayankhula ku Kilwa, tiyambe talambula kwathu, ndipo ntchito ziwirizi zingayendere limodzi.

Amalawi mazanamazana amadutsa pa Songwe mwezi uliwonse kupita ku Dar es Salaam, ena kukaoda katundu ku Kariakoo, ena kukatenga galimoto kudoko. Kuchokera mumzindawo kukafika ku Kivinje ndi makilomita pafupifupi 300, msewu wa tala, ndipo chitsegulireni mlatho wa Mkapa pamtsinje wa Rufiji mu 2003 ndi ulendo wa tsiku limodzi pabasi. Amene wadikira galimoto yake masiku angapo kudoko ali nayo nthawi yopitako. Mipingo yathu imatumiza magulu ku Israel, Asilamu athu amapita ku Makka, masukulu apamwamba amatengera ana ku Victoria Falls. Gulu limodzi pachaka lochokera ku Nkhotakota, la mafumu, mashehe, abusa ndi ana asukulu, likanakafika pagombe limene abale awo anakwezedwa m'zombo, akuluakulu a boma la Kilwa akanadziwa kuti malowo ali ndi eni ena kutsidya la nyanja, amene akufunsa za denga lija.

Ndipo tsiku limene chikwangwani chofotokoza mbiri chidzaikidwe pakhoma la bomalo, kazembe wathu ku Tanzania akapemphe kuti pambali pa Chiswahili ndi Chingerezi palembedwenso Chichewa ndi Chiyao, ndipo patchulidwe maina a madera amene anthuwo anachokera: Nkhotakota, Kasungu, Ntchisi, Dowa, Salima, Mangochi. Kumasulirako ndi kulipira wosindikiza kungachitike ndi ndalama zochepa kuposa za msonkhano umodzi wa akuluakulu a boma kuhotela ya kunyanja.